Mayadi Awiri Okha

Pa siteji ya basi ku Ohio, mdala wina ndi mayi wina osadziwana ankapwetekedwa ndi chisanu, timu yawo ya mpira wachimereka itangogonja.

"Mayadi awiri okha kuti tigoletse, kochi n'kulamula zoponya mpira m'mwamba katatu konse! Anyamata othamanga nawo aja akuwasungira ukwati?"

"Nanenso ndinakuwa mpaka kusasa mawu, bambo."

"Zaka makumi anayi ndikudikira chikho. Kochi ameneyu amuchotse basi!"

"Asamuchotse. Ndi mwana wanga woyamba ameneyo."

"Ayi... pepani, mayi."

"Musapepese, mwanena zoona. Koma amamva akalakwa. Lachinayi, pa chikondwerero chothokoza, adzadya kwanga, ndipo nkhukundembo sailawa asanalonjeze kuti Lamlungu tithamanga nawo mpira."

"Mukatero ndibweranso. Mukamuuzenso, mayi, kumanzere kumakhala mpata!"