Ndinagoletsa khumi, ndinakwera basi ndekha

Abale ndi alongo, ine ndinali munthu wodzimva. Ndinabwera ku Leicester kudzaphunzira, ndipo ndinkachita lendi kachipinda ku Braunstone. Mnyumbamo tinalimo anthu asanu, koma timangopatsana moni pakhomo la bafa. Sabata imatha osalankhula Chichewa ndi munthu. Kutchalitchi sindinkapita. Ndinkati ndilibe nthawi.

Malo okhawo amene anthu ankatchula dzina langa anali pabwalo la mpira, Lachitatu masana, ndikamasewera mu timu ya pakoleji. Mwendo ndinali nawo, sindinama. Ndiye ndikagoletsa ndinkamva ngati ndine munthu. Chigoli chinasanduka chakudya changa, ndipo sindinkakhuta.

Tsiku lina tinapita ku Nottingham kukasewera ndi kakoleji kena. Anzathuwo anabwera asanu ndi anayi okha, ena atagwidwa ndi shifiti kuntchito. Pagolo anangoikapo mnyamata wina wowonda, magolovesi obwereka, akulu ngati a m'khitchini. Popita kopumulira n'kuti titawamwetsa zisanu ndi ziwiri kwa duu.

Kapiteni wathu, mzungu wofatsa, anatiuza kuti tizingopatsirana mpira, tisawachititse manyazi. Onse anavomera. Ine ndinangoti mumtima, amenewo ndi maganizo ako.

Ndinapitiriza kugoletsa. Nditaponya chigoli china, mnyamata wapagoloyo anatola mpira muukonde, n'kubwera pafupi nane. Anali ataona dzina langa kumsana kwa jezi. Analankhula motsitsa mawu.

“Achimwene, ndinu akumudzi eti? Zakwana, chonde. Ine si goloboyi, ndangothandiza.”

Chichewa, abale. Chichewa chimene ndinkachilakalaka miyezi yonseyo. Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinamuyankha m'Chingerezi. Ndinamuuza kuti sindikumva zimene akunena, afulumire kuika mpira pakati. Kenako ndinamudutsitsa mpira pakati pa miyendo, n'kukavina patsogolo pake. Masewero anatha titagoletsa khumi ndi zinayi, khumi zili zanga.

Palibe mnzanga anandigwira chanza. M'basi pobwerera mpando wapafupi nane unali wopanda munthu mpaka ku Leicester. Ndinadziuza kuti ndi nsanje.

Patapita mwezi bondo linaduka pa masewero ena. Anandichita opaleshoni, ndipo ndinagona m'kachipinda kaja masabata asanu ndi limodzi. A timu ananditumizira uthenga umodzi wa mawu atatu, basi. Ndinkamva anthu akutsika masitepe kupita kuntchito, ine n'kutsala ndi khoma. Kumudzi ndinkawanamiza kuti zonse zili bwino. Ndinasungulumwa, abale, mpaka ndinkayatsa wailesi kuti ndingomva munthu akulankhula.

M'mawa wina ndinagwa popita kubafa. Ndinakhala pansi pamenepo ndikulira, ndipo ndinadzimva ndikunena kuti, “Zakwana, chonde.” Mawu a mnyamata uja anatuluka m'kamwa mwanga. Apo m'pamene ndinadziona bwinobwino. Munthu anandipempha chifundo m'chinenero cha amayi anga, ine n'kumukana. Ndinapemphera pansi pomwepo, koyamba chibwerere kuno. Ndinati Yesu, ngati mumakhululukira anthu ngati ine, yambani lero.

Ndinalembera a timu ya ku Nottingham ija kupempha nambala ya mnyamata wapagolo uja. Dzina lake ndi Mayeso. Ndinamulembera uthenga wautali wopepesa. Masiku anayi anadutsa, zii. Lachisanu anayankha mzere umodzi: “Kodi Chichewa mwayamba kumva?”

Loweruka anachoka ku Hyson Green, kumene amakhala ku Nottingham, n'kukwera sitima kudzandiona. Sanandinyengerere ayi. Anandiuza kuti chichitikireni zija sanapondenso pabwalo, chifukwa anzake ankamuseka ndi kavidiyo ka chigoli chija. Nayenso mpira ndi umene unkamutulutsa m'chipinda. Ndinasowa poyang'ana. Atatha kunena, anandichapira mbale zimene zinaunjikana, n'kundifunsa ngati ndingathe kuyenda ndi ndodo kufika pokwerera basi. Mawa lakelo anandibweretsa m'tchalitchi muno.

Mayeso sanabwererenso ku mpira mpaka lero. Chimenecho ndinamulanda, ndipo sindingathe kumubwezera. Iye anandikhululukira, koma ine ndikamuona ndimakumbukira.

Ndikuyamika Mulungu chifukwa sanachite nane monga ndinachitira ndi mnzanga. Anandipeza nditagonja kale, ndili pansi, ndipo sanawonjezere. Anandidzutsa. Dzina lake litamandike.

Mwina inu mpira simusewera. Koma mwina kunyumba mumati mukapambana mkangano, mumapitirizabe mpaka mkazi wanu alire. Mwina kuntchito pali wina amene mumamupondereza chifukwa sangakuyankheni. Ine ndayenda njira imeneyo, ndipo kumapeto kwake kulibe munthu. Bwerani kwa Yesu lero. Ndipo tikatuluka muno, musadikire kuti bondo liduke. Muimbireni foni munthuyo.