Girisi wa ku Chigayo pa Pulesi ya Bwana Chindevu

Chaka chimene boma la kuno linalamula kuti mfuti zing'onozing'ono zonse zikasiyidwe ku polisi, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ambiri a inu munali musanabadwe, ndipo makolo anu anali akuzungulirabe ndi zikwama za mabuku m'mabasi a mu Birmingham muno, akudziona ngati ndiwo anatulukira magetsi. Ikani pansi mafoniwo. Ndikudziwa kuti mundiyankha m'Chingerezi, palibe kanthu, bola makutuwo akhale a Chichewa.

Ine Kaliwo sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, ndipo musandiyang'ane ndi nkhope zachisonizo, sindinafe nazo. Ndinakulira pa chigayo cha pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, ndipo mzungu amene ankayang'anira esitetiyo, ife tinkamutcha Chindevu, popuma ntchito anatitenga ine ndi akazi anga a Nachisale kuti ndizidzamusamalira makina ndi dimba kunyumba kwake kuno ku Mangalande, kufupi ndi tauni ya Nuneaton. Tinkakhala m'kanyumba ka kuseri, koma mapepala athu okhalira m'dziko muno anali omangirira pa ntchito imeneyo ngati mbuzi pa chikhomo. Ntchito kutha, ndiye kuti ndege, kubwerera ku Thyolo ndi sutikesi imodzi ndi chifuwa cha kuzizira.

Bwanayo chimene ankakonda ndi kuwombera chandamale ku kalabu yawo ya nkhalamba, ndipo zipolopolo sankagula ayi, ankatola makoko amkuwa a zipolopolo zowombera kale n'kumawadzazanso yekha m'shedi. Makina ake ankati pulesi. Inu a masiku ano mukamva makina mumaganiza za chinthu chokhala ndi batani, chimene chikafa mumachitaya n'kuitanitsa china muli pabedi. Ichi chinali chitsulo chenicheni, chomangidwa pa tebulo ndi mabawuti, chokhala ndi mpini wautali, ndipo ukautsitsa mpiniwo munsi wachitsulo unkakwera n'kukankha khoko lija kuti libwerere m'chimake, kwinaku ukugwetsa fataki yakale, kabatani ka kumatako kwa chipolopolo kamene kamayatsa onga. Onga ndi sikelo yake ine sindinkakhudza, bwana ankatsekera yekha m'kabati. Yanga inali yosamala chitsulocho, ndipo ndinkachisamala monga anandiphunzitsira a kapitawo a pa chigayo: chitsulo chikamayenda, chipatse girisi, ndipo usaumire. Mwezi uliwonse ndinkapaka girisi wakuda wa thirakitala, wochita kutapa ndi zala zitatu, mpaka munsiwo kunyezimira ngati mwana wa pa ubatizo.

Tsono Loweruka lina kunali mpikisano womaliza mfuti zija zisanatengedwe, ndipo nkhalambayo inali itaikapo mtima wonse. Lachitatu mpini unayamba kulimba. Lachinayi unayamba kulira kwee, kwee, n'kuima pakati, osakwera osatsika.

"Kaliwo!" anakuwa bwana m'Chichewa chake cha pa esiteti, chopanda ulemu ngakhale kwa agogo ake. "Makina wafa. Iwe wachita chiyani?"

"Sindinachite kanthu, bwana. Mwina akudziwa kuti boma likubwera."

Sanaseke, chifukwa pakhomo la shedi panali pataima mwana wake wamkazi, amene ankabwera ndi galimoto yofiira kudzawerenga mawindo a nyumbayo. Mayi ameneyo ankafuna kugulitsa malowo, bambo ake awapititse kosungira okalamba, ndipo chomutchinga chinali ine, poti bwana nthawi zonse ankati ndili ndi Kaliwo, Kaliwo sanandiwonongerepo chinthu. Mayiyo anandiyang'ana ngati mpando wothyoka, n'kunena m'Chingerezi, pang'onopang'ono kuti mbuli imve, kuti zikapezeka kuti makinawo ndawononga ndine, nkhani ya kanyumba ka kuseri tikambirana Lolemba.

A Nachisale atamva anayamba kupinda zovala usiku usanafike n'komwe. Kenaka osandiuza anaimbira foni mnyamata wina wa kutchalitchi kwathu ku Nechells mu Birmingham muno, dzina lake Mbewe, wa ku Lilongwe, amene ankaphunzira digiri yachiwiri ya zauinjiniya. Masiku amenewo ophunzirawa tikakumana nawo pa zisangalalo ankatipatsa moni wa nsonga za zala, n'kutifunsa kuti kodi madala munabwera bwanji kuno, ngati kuti ndege imafunsa satifiketi pokwera.

Mbewe anafika Lachisanu m'mawa atavala tayi. Tayi, ana inu, m'shedi! Anaima patali ndi tebulo kuopa kudetsa malaya.

"Madala, tiyambe ndi kudayagnoza pulobulemu. Buku la makinawa lili kuti?"

"Lili pa ntchito, a injiniya."

"Pa ntchito yanji?"

Ndinamulozera pansi. Bukulo linali litakhala zaka zisanu ndi zitatu pansi pa mwendo wa tebulo, poti tebulolo linkagwedera. Chingerezi chake chinali cha timalemba ting'onoting'ono, ndipo ine kuti ndipite kwa mwana wa mnzanga n'kumuuza kuti tandiwerengera, ndinkaona bwino kumeza khasu. Mbewe analisolola, analipukuta ndi kampango koyera, anawerenga, anayeza ndi rula, anajambula pa pepala mivi yoloza uku ndi uku, ndipo patatha ola lathunthu anatsokomola ngati dokotala.

"Munsiwu wapindika. Tiyenera kuoda wina ku America. Masabata sikisi."

"Zikomo kwambiri, a injiniya. Ndiye digiri yachiwiriyo ndi ya kudikira?"

"Madala, iyi ndi sayansi."

"Chitsulo chopindika sichilira choncho. Chopindika chimagwira malo amodzi n'kusiya. Ichi chikukukuta njira yonse, ngati mphale yogwera mchenga. Tasunthani, mungadetse sayansi."

Mverani bwino apa, inu amene chinthu chikakana mumachimenya. Sindinakakamize mpini, chifukwa chitsulo ukachikakamiza chimakubwezera. Ndinayamba ndasesa pa tebulo kuti pasatsale kanthu kalikonse koyaka, ndinagulula kapini kogwira mpini, ndinakoka munsi pang'onopang'ono mpaka unatuluka, ndipo ndinapita nawo panja kukautsuka m'beseni la palafini ndi mswachi wakale. Zimene zinatuluka m'menemo! Matope akuda okhala ndi timiyala, okanda chala ngati sandipepa, ndipo mu kamsewu kamene fataki zakale zimagweramo munali kafataki kamodzi kophwanyika, kataphatikizika ngati nkhupakupa. Nditapukuta ndinaugudubuza munsiwo pa galasi la windo lakale, ndipo unayenda myaa, osadumpha ngakhale pang'ono.

"Wapindika pati, a injiniya? Kapena galasili nalonso tiode ku America?"

Ine mtima unali mbee, ndikuganiza kale m'mene ndikaifotokozere nkhaniyi kutchalitchi, ndi mchere wake. Ndinabwezera munsi m'malo mwake, ndinatsegula chitini changa cha girisi, ndinatapa ndi zala zitatu zija.

"Madala, tadikirani."

Anali atatsegula tsamba lakumapeto kwa buku lija, ndipo ulendo uno sanayankhule za sayansi, anayankhula Chichewa cha kumudzi, motsitsa mawu.

"Apa akuti osapaka girisi. Akuti timadontho tiwiri ta oyilo wopepuka, n'kupukuta. Fataki zakale zimagwetsa phulusa lokhala ngati mchenga, ndiye likagwera pa girisi limakakamira, n'kumadya chitsulo. Girisi ameneyu ankapaka ndani?"

Ana inu, ndaonapo lamba wa chigayo akuduka n'kudutsa pafupi ndi khutu langa, koma sindinazizidwe ngati tsiku limenelo. Zaka zisanu ndi zitatu ndikudyetsa makina a bwana mchenga ndi dzanja langa, mokhulupirika, mwezi ndi mwezi, uku yankho lili pansi pa mwendo wa tebulo. Ndinaima choncho, zala zitatu zili bii m'mwamba ngati ndikulumbira m'khoti, ndipo nthawi yomweyo ndinamva ndodo ya bwana pa simenti ndi nsapato za mwana wake pambuyo.

Mayiyo sanafunse ine. Anthu otero safunsa wa ovolosi pamene pali wa tayi. Anafunsa Mbewe kuti chinavuta n'chiyani, ndipo walakwitsa ndani.

Mbewe anakankha chitini chija ndi chidendene mpaka chinalowa pansi pa tebulo, n'kundiponyera kampango kake koyera kaja kuti ndifundike zala. Kenaka anatsegula Chingerezi chake chonse cha madigiri awiri. Anati makina otere amasonkhanitsa litsiro pakapita zaka, anati iye amaganiza kuti chitsulo chapindika ndipo akanawataitsa masabata asanu ndi limodzi, koma bambo Kaliwo apeza vuto ndi khutu lokha. Bodza sananame, koma choona china anachisiya pansi pa tebulo pamodzi ndi chitini. Ndinadontheza oyilo wa makina osokera a a Nachisale, madontho awiri, ndipo bwana atagwira mpini unatsika wokha ngati ukupita kwawo.

"Ndinakuuza," anatero kwa mwana wake. "Kaliwo sawononga chinthu."

Loweruka bwana anakawombera, ndipo sanapambane, koma anabwerako akuimba. Mfuti yaing'onoyo anakaipereka ku polisi monga mwa lamulo, pulesi inatsala ikugwira za mfuti yake yaitali, Lolemba lokambirana za kanyumba lija silinafike, ndipo tinakhala m'kanyumba kaja mpaka nkhalambayo inamwalira, mapepala athu atakhazikika kale. A Nachisale anamasula zovala zawo, koma za girisi sindinawauze mpaka lero, ndiye amene akanene ndimudziwa.

Mukuganiza kuti ndinamuthokoza Mbewe? Ndinamuda kuposa kale. Munthu akakunyoza umadziwa pomugwira, koma akakubisira manyazi ako umangokhala nawo ngati mwala mu nsapato. Zaka zonsezi timakumana kutchalitchi, iye pa mpando wakutsogolo ndi mimba yake ya mabwana, ndipo sanatchulepo girisi ngakhale kamodzi. Mwano wake ndi umenewo.

Tsono inu ophunzira, chinthu chikalimba musathamangire kunena kuti chafa, yambani mwachitsuka n'kuchimvera kulira kwake. Ndipo wina mwa inu akadzakhala ngati ine, wodziwa ndi manja okha, buku asaliike pansi pa tebulo, apeze womuwerengera, manyazi a mphindi zisanu sapha munthu.

Iwe Tadala, ukubisala kumbuyo kwa mnzakoyo, Mbewe ndikunenayu ndi bambo ako. Ukafika kunyumba ukawauze kuti a Kaliwo akuti kampango kaja akadali nako, anakachapa, ndipo akakafuna abwere adzatenge okha. Koma tayi asavale.