Paipi Inali Kudwala Kale

Abusa, abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye. Ndikufuna kuchitira umboni, ndipo amene mukuodzera kumbuyoko dzukani, nkhaniyi mulimo.

Ine ndi imvi zangazi ndinkakhulupirira kuti chitsulo sichidwala. Ndinkati chikathyoka ndiye kuti wina wachimenya basi. Uchitsiru!

Chaka cha chilala chija ndinali woyang'anira pampu pa famu ya fodya kuno ku Tengwe. Tsiku lina m'mawa paipi yaikulu yochokera ku damu inaphulika, phuu! Madzi otsala aja anathera m'tchire, mbande za fodya zikufota. Foromani anathamangira kwa murungu, mzungu mwini famuyo: "Ndi mubhurandaya uyu, waikhapa ndi khasu chifukwa tinam'mana tchuthi." Mubhurandayayo ndine, ndi mmene amatitchulira kuno ife obwera. Murungu anati Loweruka ndichoke pa komboni.

Ndichoke ndipite kuti, abale? Ndipite kuti? Ku Dedza ndinachokako ndilibe ndevu. Ndinalephera ngakhale kudziteteza, poti nanenso mumtima ndinkati ndithu wina waimenya. Ndinangogwada: "Ambuye, Inu munaliko. Nenani ndinu."

Lachisanu kunabwera mnyamata woona za mapaipi wochokera ku Harare. Anadula pamene panaphulikapo, n'kuyang'ana ndi galasi lokulitsa. Anandiitana mwaulemu ngati agogo ake: "Sekuru, bwerani muone." M'kati mwa chitsulomo munali banga ladzimbiri ngati chikhadabo, lili ndi mizere yotsatizana ngati ya pa chigoba cha nkhono. Kupitirira pamenepo, chitsulo chonyezimira.

Anati, "Ponyezimirapa ndi pamene pang'ambika sabata ino. Padzimbiripa ndi mng'alu wakale. Unayamba pamwamba, pomwe anawotcherera, wochepa ngati tsitsi. Pampu ikayaka, ukutseguka; ikazima, ukutseka. Ngati waya mukamaupinda mobwerezabwereza. Unalowa pang'onopang'ono mpaka chitsulo chotsalacho chinalephera kupirira. Khasu palibe apa."

Khasu palibe! Mwamva kumbuyoko? Murungu anakanda m'mutu, nati ndibwerere ku pampu. Foromani anayang'ana nsapato zake ngati zachilendo.

Inu amene munabwera kudzayeza chitseko changa ndisanatuluke, pofuna kulowa nyumba yanga, sinditchula maina, ena mumaimba kwaya bwino kwambiri. Ndilipo! Sindinapite, sindipita, ndipo mudzandikwirira pompano. Zikomo Yesu! Imbani m'manja, sangalalani nane, ngakhale inu oyeza zitseko.

Usiku wa Lachisanu lija ndinalowa m'nyumba ndikuyenda ngati tambala. Mayi a kunyumba anandiyang'ana n'kunena kuti, "Musandivinire pano, bambo. Nkhuku zanga munagawira anthu potsanzika zija, mawa mukazitenge nokha, khomo ndi khomo."