Waya wa Njinga ya Apongozi

Loweruka lapitali anyamata a kutchalitchi kwathu ku Mualadzi ankakonzekera zokaimba magitala ku Chifunde, ndipo nsambo ya mmodzi itaduka anayamba kudandaula kuti ulendo walephereka. Amayi anga anaseka n'kuwakhazika pansi, ine ndikuyamwitsa mwana pambali. Ndalemba monga anayankhulira.

Kale, ana inu, zaka zija tinali titangobwerako kothawa nkhondo, gitala sitinkagula m'sitolo ngati zanu zonyezimirazi. Munthu ankaboola chigubu cha mafuta n'kusema mtengo, ndipo nsambo zake ankamasula waya wa buleki ya njinga n'kupatula timawaya tam'kati. Amuna anga, bambo ake a Roza uyu, anali ndi kagulu ka anthu anayi, tinkati konjuntu, ndipo akalengeza kuti Lamulungu masana aimba pabwalo la sukulu, anthu ankabwera wapansi kuchokera midzi yakutali.

Koma bambo anga sankazifuna zimenezi. Ankati, "Mkamwini wogwira chigubu m'malo mwa khasu adzatidyetsa nyimbo." Ndipo mudziwe kuti masiku ano mkamwini amaimbira apongozi telefoni kufunsa za mpira, koma nthawi imeneyo kuwaitana mokuwa, kapena kutchula dzina lawo pagulu, unali mwano wotha kukusamutsa pamudzi.

Tsiku lina bambo anabwera okha kudzaona zimene anthu ankatamazo. Anatsamiritsa njinga yawo yakuda pamtengo wa mango, pafupi ndi ya a Zuze, mnzawo wa amuna anga woimba gitala yaikulu. Nyimbo zisanayambe, nsambo ya amuna anga inaduka, thapu! A Zuze anati, "Achimwene, kamasuleni waya panjinga yanga pamango paja." Njinga zonse ziwiri zakuda, inu. Amuna anga anakamasula waya panjinga ya apongozi awo.

Ine ndinali nditakhala kutsogolo, iwe Roza uli kumsana, ndipo maso anga sakhala malo amodzi. Pa nyimbo yachitatu ndinaona bambo akunyamuka, akutenga njinga yawo, ndipo kachitsulo kogwira buleki kakungolendewera. Mtima unangoti phwii, chifukwa buleki yakumbuyo inali itafa kalekale, yamoyo inali imodzi yomweyo, ndipo njira yakwathu ikangodutsa sukulu imatsetsereka mpaka pamiyala ya kumtsinje. Ndinakuwa kuti, "Ababa! Ababa!" koma ndani akanandimva, anthu akuvina fumbi lili koboo? Kuti ndithamange, khamu latchinga. Ndiye ndinaimirira pamaso pa amuna anga n'kuloza nsambo yatsopanoyo, kenako njinga ija.

Anayang'ana, nkhope n'kugwa. Kukuwira apongozi sakanatha, kukhala chete sakanathanso. Mukudziwa chimene anachita? Sanasiye kuimba. Anangotaya mawu a nyimboyo n'kuikamo ena:

"Agogo a Roza tsikani, tsikani,
njinga yanu ilibe buleki!"

A Zuze anadabwa koma anatsatira, ndipo anthu, poyesa kuti ndi nyimbo yatsopano, anavomera bwalo lonse, "Tsikani, tsikani!" Bambo anali atakwera kale, akupalasa cha pamapeto pa bwalo. Anamva dzina la mdzukulu wawo, anacheuka, anafinya buleki, dzanja n'kungolowa. Anakwekwesa mapazi pansi, fumbi kuti buu, n'kuima pamene mtsetse umayambira. Ine ndinangokhala pansi pomwepo.

Anabwerera akukankha njinga mpaka kutsogolo, magitala onse zii. Amuna anga anagwada, gitala ili pachifuwa, ine ndikuti basi ukwati wathera pano. Bambo anayang'ana kawaya kaja nthawi yaitali, n'kufunsa, "Ndiye ndi waya wanga akulira bwino chonchi?"

"Ndi yemweyo, bambo. Ndinalakwitsa njinga."

Bambo anacheukira kumbali n'kuti, "A Zuze, inunso, njinga yanu simuidziwitsa anzanu?"

A Zuze anati, "Yanga ndi yokongola, bambo, ndimayesa aiona." Anthu anafa nako kuseka.

Bambo anakhala pabenchi n'kuti, "Malizani nyimboyo. Mwandiitana bwalo lonse, ndiimve mpaka pothera." Pobwerera amuna anga ndiwo anakankha njinga mpaka kumudzi, bambo akuyenda patsogolo, ndipo tikuwoloka pamiyala paja ndinawamva akung'ung'udza, "tsikani, tsikani."

Tsono inu, nsambo imodzi isakulepheretseni ulendo, ku Chifunde mupite ndithu. Koma mukamaimba musamangoyang'ana zala zanu, muzikweza maso kuona anthu amene abwera kudzakumverani. Ndipo iwe wa gitala yodukayo, ndakuona ukuyang'ana pakhomo. Njinga ili apoyo ndi ya abusa, uisiye.