Wezulo ndili nayo, koma tithawire kuti?

Aulutsi, ndine mayi wa kuno ku Lirangwe, ndipo ndili mu komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Namondwe atatigwetsera nyumba, tinapangana kuti kukagwa zoopsa ine ndiziimba wezulo, anthu azithawira m'tchalitchi cha pachitunda.

Tsiku lina masana tikutonola chimanga, kunachita chivomezi. Nthaka inagwedezeka, malata n'kumalira ngati pakudutsa lole. Anzanga anakuwa, "Amayi, imbani wezulo!" Ndinaimba. Ana ndi akulu omwe tinakhamukira m'tchalitchimo, chomwe tinamanga tokha ndi dothi, popanda simenti. Tili m'katimo khoma linang'aluka, njerwa n'kugwera mwana wa mlamu wanga paphewa. Mpaka lero mkonowo satha kuukweza.

Pamsonkhano wa komiti ndinafunsa atcheyamani athu, "Nanga chivomezi chikabweranso, tithawire kuti?"

Anayang'ana pansi. "Mayi, kumaphunziro a za ngozi kuja anatiuza za madzi osefukira basi. Za chivomezi nanenso sindikudziwa."

Mng'alu uja tinangoumata ndi dothi, Lamulungu timapemphera momwemo. Wezulo ikadali m'khosi mwangamu, aulutsi. Nthaka ikadzagwedezekanso, ndidzaimbe kapena ndidzangokhala chete?