Denga Losagogodeka

Pamzere wa matekisi ku Tlhabane, dzuwa likuswa mtengo, mayi wina ankawerengera madala ena opuma ntchito ya mumgodi nkhani ya pafoni. Madalawo dzanja linali pachifuwa.

"Akuti adzapachika masola kumwamba kwenikweni, kupitirira mitambo, bambo. Magetsiwo azidzatsika ndi mafunde ngati a maikulowevu."

"Maikulowevu yomwe ija yotenthetsera chakudya? Ndiye chakudyacho ndife?"

"Ayi, akuti azidzalunjikitsa pabwalo la mawaya, kutali ndi anthu."

"Kutali ndi anthu! Fumbi la mumgodi ankatinso silifika m'mapapo. Ine pamtima pano anandiika kabatire, mayi. Adokotala anandiletsa ngakhale kuyandikira owotcherera zitsulo. Nanga akaphonya pang'ono n'kulunjika pamalata anga?"

"Akuti mphamvu yake siingapweteke munthu. Komanso akungoyesa kaye."

"Akuti, akuti! Ndani ameneyo? Munamuona nkhope?"

"Ayi, bambo. Koma tekisi ija yafika, tiyeni."

"Kwerani inuyo. Zaka makumi atatu ndili pansi, sindinagwirepo ntchito ndisanagogode denga ndi chitsulo kuti ndimve ngati mwala wagwira. N'chifukwa chake ndili moyo. Tsono kumwambaku ndigogoda ndi chiyani?"