Kamkango ka Gashe Tiruneh

Wansembe wathu Abba Hailemariam, bwana wathu Ato Getaneh, Emama Yalemwork akazi a Gashe Tiruneh ndi ana awo onse, anzanga osesa, olondera ndi operekeza alendo, moni nonse.

Ndine Etenesh, watsache uja. Andiuza m'mawa womwe uno kuti ndiyankhule pa mwambo uno wotsanzikana ndi Gashe pamene akupuma pa ntchito, ndiye ndalemba mothamanga pa masitepe a nsanja.

Gashe Tiruneh asamala maluwa ndi kapinga m'malinga ano a mafumu akale a Gondar zaka makumi atatu ndi zinayi. Koma akuluakulu amatiuza mmene anayambira. Atangofika kuchokera kumudzi, anayang'ana bwalo la mfumukazi nati, "Dothi lachonde chonchi mwabzala udzu? Kodi kuno mumadya udzu?" Sabata isanathe anali atawokera kabichi mizere isanu. Azungu ankamujambula poyesa kuti ndi mankhwala a mafumu. Bwana wa nthawiyo anakalipa, koma kabichiyo anadya nawo.

Nanga wezulo yawo ija? Akwati onse a mu Gondar amaidziwa. Mkwatibwi watchena, akufuna chithunzi, phazi langokhudza duwa, pyeee! "Mkwati iwe, nyamula mkazi wakoyo! Maluwawa sanaitanidwe ku ukwati!"

Tsopano Ato Getaneh, pali chimene simukuchidziwa. Lamulo limati wantchito asabwere ndi mwana. Ine mwana wanga Kidist ndakhala ndikubwera naye chaka chathunthu. Bambo ake ali kutali, amayi anga anatisiya, womusiyira ndilibe. Tsiku loyamba Gashe anandipeza ndikumubisa kuseri kwa chipata. Ndinati basi, ntchito yatha. Iwo anangovula gabi, chofunda chawo choyera chija, nkukayala m'khola lakale la mikango, muja muli mthunzi wabwino. Kuyambira pamenepo maluwa a pafupi ndi kholalo amamwa madzi kanayi patsiku, maso a Gashe ali pa mwana.

Tsiku lina Kidist analira mlendo akudutsa. Mlendo kudumpha! "Kodi mikango ikadalipo?" Gashe osaseka n'komwe: "Kalipo kamodzi, bambo. Mano awiri okha. Koma musayandikire, kakagwira chala sikasiya."

Nditamva zoti akupuma, chakudya chinasiya kulowa. Kuyambira Lolemba amuyang'anira ndani? Ndisiye ntchito, tidya chiyani? Ndimubise ndekha, ndigwidwa. Dzana ndinawalirira pansi pa mkuyu paja. Anandiyang'ana nati, "Iwe mwana, kapinga wanga ukumuthirira madzi amchere? Pukuta. Ine ndi Yalemwork takambirana kale. Uzimusiya kwathu m'mawa uliwonse. Ukuganiza kunyumba ndizikalipira ndani? Yalemwork anasiya kundimvera kalekale."

Ndiye bwana, ndaulula ndekha pamaso pa Abba. Sindikanatha kuwathokoza Gashe kwinaku ndikubisa chachikulu chimene anandichitira. Ngati pali chilango chigwere ine, koma tsache lokha musandilande, chonde. Lolemba ndibwera ndekha.

Ndikuona mukuseka, bwana. Mwagwedezanso mutu movomera. Abba, mwaona nanu? Ndinu mboni yanga.

Gashe, ndilibe choti ndikupatseni. Mulungu akupatseni m'malo mwanga. Mukapume, mukamwe khofi makapu onse atatu a mwambo wathu aja osayang'ana wotchi. Kungoti Kidist wayamba kuthamanga mwezi uno, ndiye kupuma kwenikweniko sindikulonjeza.

Anzanga, ikani makapu pansi. Imirirani, tiwaombere m'manja atate athu!